Msipu wa ku Chilwa: kumene kunkadya nyumbu, lero kukudya ng'ombe

M'chaka cha 1897, boma la atsamunda, lomwe likulu lake linali ku Zomba, linapatula malo awiri kuti akhale osungirako nyama zakutchire. Anali oyamba m'dziko muno. Ena anali ku dambo la Elephant Marsh kumunsi kwa Shire, enawo anali m'chigwa cha nyanja ya Chilwa. Kasungu, Lengwe, Nyika ndi Liwonde, mayina amene ana amaloweza kusukulu masiku ano, onsewa anabwera pambuyo. Koma kafunseni munthu wa ku Kachulu kapena wa kwa Kuntumanji ngati anamvapo kuti chigwa cha nyanja yawo chinakhalapo paki, akuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kulibe chipata, kulibe chikwangwani, kulibe mlonda wonyamula mfuti. Lamulo lija linafafanizidwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, ndipo amene analiona atha onse.

Ulendo wopita kumeneko ndi waufupi. Mukatuluka mumzinda wa Zomba n'kukhotera kum'mawa cha pa Matawale, msewu umatsika pang'onopang'ono, phiri n'kutsalira kumbuyo, ndipo pakatha makilomita pafupifupi 30 mwafika pa doko la Kachulu. Mlendo amayamba wadabwa ndi kutha kwa mitengo, chifukwa madziwo amachedwa kuoneka. Minda ya chimanga ndi nandolo, mango ndi nthochi, zimangothera panjira. Kenako dziko limangoti see, udzu wokhawokha mpaka polekezera maso. Phiri la Mpyupyu laima palokha, mapiri a Chikala ali kumpoto, chilumba cha Chisi chili patsogolo, ndipo kukakhala kopanda nkhungu Mulanje amaonekera kummwera. Anthu amalipira ndalama zambiri kukwera ku Nyika kukaona dziko la udzu lopanda malire. Kunoko lilipo lina, lotentha, lokhala ndi udzudzu wake, ndipo amene amalidziwa bwino ndi anyamata oweta ng'ombe.

Kuti mumvetse udzu umenewu muyambe mwamvetsa khalidwe la nyanjayo. Chilwa amalandira koma sapereka. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imathira m'menemo, koma palibe mtsinje wotuluka. Kumpoto kuli mtanda wa mchenga womwe unalekanitsa Chilwa ndi Chiuta kalekale, ndipo njanji ya ku Nayuchi, yomwe inatsegulidwa mu 1970, inadzera pamenepo. Madzi a m'nyanjayi amachoka ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake ali ndi kamchere, ndipo ndi osaya moti malo ambiri mwini bwato sapalasa, amangoponda pansi ndi nsungwi. Pakati pali madzi oyera, m'mbali mwake mwazungulira njedza ndi bango, ndipo kuseri kwa njedzayo, cha kumtunda, ndiye kuli dambo: dziko limene limamira m'dzinja n'kuuma m'chilimwe. Mtengo sungapirire zimenezo. Miyezi ingapo mizu ili m'madzi, miyezi ina ili m'makande ong'ambika ndi dzuwa, pamwamba pake padutsa moto. Udzu wokha ndiwo umapirira, ndipo umaphukanso wanthete madzi akamabwerera m'mbuyo. Malire a dambo ndi nyanja sakhala pamodzi zaka ziwiri zotsatizana. Amene analemba lamulo la 1897 ali mu ofesi ku Zomba ankaika malire pa dziko limene limasuntha lokha.

David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanjayi mu Epulo 1859, n'kulemba dzina lake kuti Shirwa. Analawa madzi n'kupeza kuti ndi owawa mchere, ndipo anthu a kumeneko anawatsimikizira kuti kumpoto kuli nyanja ina yaikulu kuposa iyi, imene anakaiona mu Seputembala chaka chomwecho. Anthu amene anawapeza anali Anyanja. Ankalima mapira, ankaweta mbuzi ndi nkhuku, ankapha nsomba, ndipo ankaphika mchere. Amayi ankapala dothi loyera la m'mbali mwa nyanja, n'kulitcheza mumphika wobooka pansi, n'kuphitsa madziwo mpaka m'phale mutsale mchere. Mcherewo unkakwera kumtunda kukasinthana ndi makasu, nsalu ndi chakudya. Ng'ombe sizinali mbali ya moyo umenewu.

Zaka zotsatira zinali zoopsa. Ayao analowa kuchokera kumpoto chakum'mawa, nkhondo za ukapolo zinakula, njala ya 1862 ndi 1863 inapulula midzi, ndipo mu 1884 Angoni a kwa Maseko anawoloka Shire n'kusakaza dera lonse. Wofuna moyo ankathawira kuphiri kapena pachilumba. Chisi anadzaza ndi othawa, ndipo mfumu Kawinga anamanga linga lake pa Chikala, pomwe anakhala mpaka asilikali a boma la atsamunda anamugonjetsa mu 1895. Chigwa chapakatichi chinatsala chopanda mwini. Henry Drummond, yemwe anafika ku Chilwa mu 1883, ndi alenje achizungu amene anamutsatira, anapeza mbidzi, njati, nakodzwe, mphoyo ndi nyama zina zikudya momasuka, ndipo anayesa kuti dziko linali chomwecho chiyambire. Ine ndimaona kuti mbali ina ya nyama zimenezo zinachuluka chifukwa eni dziko anali atabisala. Chimene azungu anatcha chipululu chinali mabwinja a anthu amene nkhondo inawathamangitsa.

Pa nyama zonsezo, imene imandimvetsa chisoni ndi nyumbu. Mu 1896 katswiri wa zinyama wa ku London, Philip Sclater, analandira nyumbu yowomberedwa m'chigwa cha kummwera kwa Chilwa, ndipo anaona kuti ndi yosiyana ndi zinzake: inali ndi mzere woyera wopingasa pamphuno. Anaipatsa dzina la sayansi lokumbukira Harry Johnston, yemwe anali mkulu wa boma ku Zomba, ndipo mpaka lero mabuku amaitcha nyumbu ya ku Nyasa. Cha m'ma 1920 inali itatheratu m'dziko muno. Dzina ndi lathu, koma nyamayo kuti muione muyenera kupita ku nkhalango ya Niassa ku Mozambique kapena kummwera kwa Tanzania. Pakati pa kudziwika kwake ku London ndi kutha kwake kuno panadutsa zaka pafupifupi makumi atatu zokha.

Anaitha ndani? Mfuti za alenje a chiphaso, omwe kwa iwo Chilwa anali pafupi ndi Zomba moti ankatha kupitako kumapeto a sabata, zinachita mbali yake. Gogodera wa m'mudzi, mbuna ndi uzimba zinachitanso yake, ngakhale malamulo a boma anali atasandutsa mlenje wa m'mudzi kukhala wakuba m'dziko la makolo ake. Eni minda ya ma esiteti sankafunanso malo osungira nyama. Ankati nyama zimaononga mbewu ndi kusunga kashembe. Koma chachikulu chinali kubwerera kwa anthu. Nkhondo zitatha, anthu anatsika m'mapiri. Kuyambira m'ma 1890 Alomwe anayamba kuwoloka malire mwaunyinji, kuthawa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ambiri anakagwa m'thangata m'ma esiteti a kumtunda, ndipo wotopa ndi thangata ankatsikira kuchigwa, kumene kunali malo ndi nsomba. Mudzi ukamangidwa pachulu chilichonse chouma, mbidzi ilibe pogona.

Msipu sunakhale wopanda wodya. Ng'ombe zinalowa m'malo mwa njati, ndipo zinalowa mwakachetechete, imodziimodzi, m'zaka za m'ma 1900. Akuluakulu a kumeneko akamafotokoza chiyambi cha khola la pabanja pawo, kawirikawiri nkhani imayambira pa munthu amene anabwera ndi ndalama: wina wochokera ku migodi ya ku Joni, wina ku Halale, wina msilikali wa K.A.R. wopuma ntchito, wina amene khoka lake linagwira matemba zaka zabwino. Ndalama ya nsomba simachedwa m'thumba, ndipo nyanja yake ndi yosadalirika. Wanzeru ankagula thadzi. Ng'ombe zake ndi zathu zomwezi za linunda, zazing'ono thupi, zopirira dzuwa ndi nkhupakupa, zotha kuyenda m'matope ofika m'mawondo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasiyanitsa kuweta kwa ku Chilwa ndi kwa ku Mzimba kapena ku Nsanje. Anyanja, Ayao ndi Alomwe a kuno ndi anthu a chikamwini. Mwamuna amakakhala kwa mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo palibe ng'ombe yopita kukalowola. Ndiye ng'ombe kuno ilibe ulemu wa pamwambo umene ili nawo kwa Angoni. Ndi banki ya pakhomo: imagulitsidwa mwana akasankhidwa kupita ku sekondale, pakagwa maliro kapena sadaka, ukonde ukafuna kusinthidwa, kapena chaka chimene nyanja yauma. Nkhani imavuta mwini khola akamwalira. Ana amati ndife tinkaweta, tinalumidwa ndi misundu ife. Ana a mlongo wake amati chuma cha atsibweni ndi cha mbumba. Mabwalo a mafumu a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji aweruza milandu yotere kwa mibadwo, ndipo makola ambiri anathera pamenepo, ng'ombe zitagawidwa ziwiriziwiri n'kugulitsidwa kwa mabutchala.

Kuweta kwenikweni ndi ntchito ya anyamata, ena ana a pakhomo, ena aganyu ochokera kutali amene malipiro awo amawerengedwa pachaka. Chaka chawo chimatsata madzi. M'dzinja dambo likamira, ng'ombe zimapanikizika kumtunda, m'mphepete mwa minda ndi m'misewu, ndipo ndi nyengo ya mikangano ndi zindapusa. Kuyambira Meyi madzi amayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo ziweto zimawatsata tsiku ndi tsiku, kudya udzu wanthete umene ukuphuka pomwe madzi achoka. Pofika Okutobala, pamene ng'ombe za kumtunda zaonetsa nthiti, za ku Chilwa zimakhala zili kutali mkati mwa dambo, zonenepa, akakowa ali pambuyo kutola ziwala zimene mapazi a ng'ombe avumbulutsa. Mbusa amadziwa pamene pali thope lomeza, pamene madzi ndi amchere kwambiri moti ng'ombe singamwe, pamene ng'ona imabisala pamathiriro a mtsinje. Amadziwa nthawi yotentha udzu wokalamba kuti lupsa liphuke. Akakhala pansi amaumba ng'ombe zadothi, amawotcha mlamba wogwidwa m'thamanda, amakama mkaka pang'ono mwini asakuona. Dambo lili ndi msonkho wake: nyongolotsi za m'chiwindi, zomwe zimafala kudzera mu nkhono za m'madzi osayenda, ndipo wogula chiwindi pamsika wa m'derali amayamba wachitembenuza kaye. Kale kunali madipi a boma, ndipo tsiku la dipi linali ngati msonkhano wa oweta onse. M'zaka za m'ma 1990 dongosolo limenelo linafooka m'dziko lonse, kuba ng'ombe kunakula, ndipo ena anangogulitsa zonse n'kugula njinga ndi maukonde.

Mukapita kukacheza, musayambe ndi kufunsa mwini khola kuti, “Bambo, muli nazo zingati?” Sakuuzani, ndipo mwadziwonetsa kuti ndinu mlendo kapena wa msonkho. Mupatseni moni, mufunse mmene zagonera za m'kholamo, mufunse kumene madzi analekezera chaka chatha. Pamenepo nkhani imatseguka, ndipo akulozerani chulu kapena mtengo wa mgwalangwa umene madzi anafikapo chaka chakuti.

Mbiri ya kuno imawerengedwa ndi zaka zimene nyanja inaphwa. Okalamba amakumbukira 1968, ambiri amakumbukira 1995, ndipo ngakhale ana amakumbukira 2018, pamene mabwato anagona pamatope ong'ambika ku Kachulu ndipo anthu ankapita ku Chisi wapansi ndi panjinga. Kwa msodzi chaka chotero ndi maliro. Kwa woweta ndi nkhani ya mbali ziwiri: pansi pa nyanja pamamera udzu, msipu umakula kuposa kale, koma madzi akumwa amasowa ndipo ng'ombe zimayenda mitunda italiitali kukafuna chitsime. Kuphwa kwa 1968 kunachitika akatswiri a Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, ali mkati mofufuza za nyanjayi, ndipo buku lawo la 1979 linafotokoza zimene asodzi ankadziwa kale: Chilwa akaphwa safa. Makumba, matemba ndi milamba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'zithaphwi za m'njedza. Madzi akabwerera amamiza udzu ndi ndowe zonse zimene zinatsala pansi, izo n'kuwola n'kudyetsa tizilombo timene nsomba zimadya, ndipo pakangopita zaka ziwiri kapena zitatu nsomba zimachulukanso. M'zaka zabwino nyanja yosayayi yakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi. Mu 1995 mafumu ndi a nthambi ya za usodzi anagwirizana zoteteza maiwe a m'mitsinje, analetsa kuthira katupe, mankhwala ophera nsomba, ndipo makomiti a m'madoko anayambira pamenepo.

Udzu womwewu uli ndi mwana wina amene boma limamuopa. Zigwa za Chilwa ndi Chiuta zili m'gulu la malo ochepa mu Africa kumene dzombe lofiira limaswana, ndipo bungwe la mayiko lolimbana ndi dzombeli, lomwe likulu lake lili ku Ndola, limabwera kudzayendera dambo. Anthu a m'midzi amalidzukira m'mamawa mame asanaume, mapiko akadali olemera, n'kudzaza matumba. Lokazinga ndi mchere ndi ndiwo yosafuna kukakamiza mwana.

Nyama zakutchire zimene zatsala zambiri ndi za mapiko. Mu Novembala 1996 Chilwa anakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo, malo okwana mahekitala 224,800, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawonjezera ulemu wake. Mitundu ya mbalame yolembedwa kuno imaposa 150. Kuli atsekwe, abakha a m'madzi, avuwo, akakowa, nkhwazi, ndi timbalame tina timene timauluka kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia kudzadya m'matope a kwa Mwambo nyengo yozizira ya kwawo. Mukadzuka m'bandakucha n'kulowa m'ngalande za m'njedza ndi bwato, phokoso lake limagonthetsa m'khutu. Koma mbalamezi ndi ndiwo komanso ndalama. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa pachaka, ndi misampha, ulimbo ndi mfuti, makamaka miyezi ya njala pamene makoka aletsedwa ndipo nkhokwe zapepuka. Apa panachitika chinthu chanzeru kuposa cha 1897. M'malo mothamangitsa alenje, a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi anathandiza kuti alenjewo apange magulu awo ndi bungwe lawo la Mwayi wa Mbalame, apatule okha malo oswanirana mbalame kumene msampha suloledwa, ndipo azilondera okha. Sizinayende bwino paliponse, ndipo chaka cha njala lamulo limapepuka, koma mlenje amene anasankha yekha malire amawalemekeza kuposa amene anangouzidwa.

Chimene chikudya dambo masiku ano ndi mpunga. Sikimu ya Likangala inakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mothandizidwa ndi alangizi a ku Taiwan, ya Domasi inatsatira, ndipo anthu ataona kuti mpunga wa faya umalowetsa ndalama, sanadikire sikimu. Aliyense anapita kwa amfumu kukapempha ndime m'dambo. Madzi akabwerera m'mbuyo, pomwe kale pankatsala msipu wa chilimwe pano pamadzalidwa chimanga cha kudimba, tomato ndi mbatata. Sindingamudzudzule mlimi, anthu achuluka, minda ya kumtunda yatopa, ndipo mwana sadya udzu. Koma njira zimene ng'ombe zinkadzera popita kumadzi zatsekeka ndi migula, ndipo ng'ombe ikaponda ndime imodzi, mwini wake amalipira chindapusa choposa mtengo wa mpunga umene wadyedwa.

Mukayang'ana bwino, chilichonse cha ku Chilwa chili ndi wochiyankhulira. Nsomba zili ndi nthambi ya boma, makomiti a m'madoko ndi nyengo yotseka nyanja. Mbalame zili ndi Ramsar ndi bungwe la alenje. Mpunga uli ndi masikimu ndi mabungwe a ogwiritsa madzi. Ngakhale asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa nyanja, anafikiridwa ndi katemera wa kolera mu 2016. Udzu wokha ndiwo ulibe komiti. Pamapu umaoneka ngati malo ongokhala, odikira munthu woti awalime, chonsecho ndi umene umasefa matope a m'mitsinje asanalowe m'nyanja, ndi momwe mlamba umakaswera madzi akasefukira, ndi momwe mbalame zambiri zimaikira mazira, ndiponso ndi umene umasunga ng'ombe imene idzagulitsidwe chaka chimene nsomba ndi mpunga zonse zakanika. Pamisonkhano ya chitukuko cha nyanjayi mumapeza msodzi, mlimi, mayi woumitsa matemba ndi mlenje. Mbusa amakhala ali kudambo ndi ng'ombe.

Wofuna njati ndi njovu apite ku Liwonde, n'pafupi. Pakiyo inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo chiyambire 2015, pamene a African Parks anayamba kuiyendetsa, kwabwereranso mikango ndi akakwiyo. Kumeneko kuli waya wamagetsi wolekanitsa nyama ndi anthu. Ku Chilwa waya sungaime, ndipo namondwe wa Freddy anaonetsa chifukwa chake mu Malichi 2023. Nyanja yomwe anthu ankaiyenda wapansi mu 2018 inadzaza n'kusefukira, inalowa m'nyumba ndi m'misika ya m'madoko, inamiza ndime za mpunga pamodzi ndi msipu. Oweta anakweza ng'ombe zawo kumtunda kukapempha malo kwa achibale, ena anagulitsa motchipa. Pansi pa madzi amenewo pali malire a ndime amene amfumu anagawa zaka za chilala, pali njira zakale za ng'ombe, ndipo onse awiri, mlimi ndi woweta, akukumbukira bwino pamene panali pawo. Madzi akadzayamba kubwerera m'mbuyo, milandu yoyamba kufika pabwalo la amfumu idzakhala ya malo amenewo.